Kalata Yanga ndi Ana a Namakala

Ndinapita ku Joni kuthawa nkhumba, n'kukapezanso nkhumba. Anzanga ankabwera ndi nkhani za migodi ndi nyumba zosanjikizana, ine ndinabwera ndi fungo limene sopo aliyense analephera kulichotsa m'jekete. Adzukulu akamandifunsa ngati ndinaiona nyanja yamchere, ndimawauza zoona, kuti ndinaona ndowe.

Ndinachoka matipate atangoyamba kumene, anthu akulozeranabe zala pamsika, uyu chimodzi, uyu ziwiri. Feteleza anali atakwera mtengo, fodya wanga anapsa ndi ng'amba, ndipo mkamwini wopanda kanthu m'manja sayankhula mokweza. Ndinkakhala kwawo kwa akazi anga, Nambewe, m'mapiri a kuseri kwa Mvera. Chuma chenicheni pakhomopo chinali chimodzi: nkhumba yaikazi yakuda bii, yamlomo wautali, imene ana anaitcha Namakala. Sinali yanga. Nambewe anapatsidwa ndi malemu amayi ake ili kamwana, ndipo ndi imene inkatigulira mchere, sopo ndi makope a ana.

Namakala ikafuna yamphongo tinkaikusira kwa a Gwaza, mkulu wina wamasiye amene ankakhala kutsidya kwa dambo. Yamphongo yawo inali yonyansa kuposa Namakala, yaifupi, yaubweya ngati tsache, khutu limodzi long'ambidwa ndi agalu. Mwambo wake ndi uja timaudziwa tonse: nkhumba ikaswa, mwini yamphongo amabwera kudzasankha mwana mmodzi. A Gwaza ankasankha wamkazi nthawi zonse, ndipo ine zinkandiwawa. Tsiku lina pamowa ndinawauza pagulu kuti nkhumba yawo inatengera nkhope kwa mwini wake, ndiponso kuti ndikadzapata ndalama chilombo chimenecho sichidzanunkhizanso ya kwathu. Anthu anaseka, iwo anangopukuta pakamwa. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinausiya wonse, ndi mano omwe.

Panali chinthu chimodzi chimene sindinkachiwerengera. Mvula ikayamba, ana a nkhumba pamudzi pathu ankatsegula m'mimba, chimbudzi chamadzi chachikasu, n'kuuma maso, n'kufa masiku awiri asanathe. Sichinali chigodola, chifukwa zazikulu sizinkadwala. Ana a Namakala ankagubuduka m'matope omwewo koma osadwala. Ndinkati ndi mwayi wa Nambewe basi.

Famu imene ndinakagwirako inali kutali ndi tauni, pamalo athyathyathya opanda phiri n'limodzi lomwe, mphepo yake yolowa m'mafupa. Makola anali aatali ngati tchalitchi, odzaza nkhumba zoyera zazitali ngati chitseko. Tinkagona kukomboni, asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Amene anandilandira anali Fabiyano, munthu wa ku mapiri a Ntchisi, mtchona weniweni woti Chichewa chake chinayamba kupindika, koma mtima wake wabwino. Iye ndiye anali kapitawo wa khola loswera, ndipo ankamva zilankhulo zonse za kumeneko. Chidindo cha m'pasipoti mwanga chinatha mphamvu ndisanazolowere n'komwe kuzizira. Galimoto yachilendo ikatulukira pageti tinkathawira mosungira chakudya cha nkhumba, n'kubisala kuseri kwa matumba. Kupita kwathu kukaona ana kunali kosatheka, chifukwa ukatuluka unkadziwa kuti kubwerera n'kovuta.

Ntchito yanga inali kutsuka pansi, kuyatsa nyale zotenthetsa tiana, kutidula mano, ndi kutolera takufa m'wilibala m'mawa uliwonse. Nkhumba zoyerazo zinandilodza maso. Imodzi inkaswa ana khumi ndi awiri, miyezi ingapo onse ali dididi. Ndikakumbukira Namakala ndinkachita manyazi ngati munthu amene wavala chigamba paukwati.

Ndiye Nambewe anandilembera kuti gulu lina la alimi pafupi ndi parishi labweretsa yamphongo yoyera yachizungu, ndipo anthu akumapititsako nkhumba zawo. Iye ankangonena ngati nkhani. Ine ndinatenga bolopeni tsiku lomwelo. Mawu ake ndimawakumbukirabe, chifukwa ndinawalemba monyada: "Kuyambira lero Namakala isapitenso kwa a Gwaza. Muipititse kwa yoyerayo. Ine kuno ndaona nkhumba zenizeni, ndipo ndikudziwa chimene ndikunena." Kalatayo ndinaipatsira munthu wa ku Bowe amene ankapita kumudzi, pamodzi ndi bulangeti ndi nsapato za ana.

Patangopita masabata awiri matenda anagwa pafamu. Anali omwe aja a kwathu, chimbudzi chachikasu ndi fungo lowawasa. Wilibala imodzi sinkakwananso. Mwini famu anaitana dokotala wa ziweto, mayi wachizungu wochepa thupi amene ankavala majombo aakulu kuposa miyendo yake. Mayiyu sanangobaya jakisoni n'kupita. Ankabwera tsiku lililonse ndi kabuku, n'kumayenda khola ndi khola, kuwerenga manambala a m'makutu, kufunsa kuti ana awa bambo wawo ndi uti, mayi wawo ndi uti. Ine ndinkamunyamulira bokosi, Fabiyano n'kumamasulira.

Tsiku lina anaima pakati pa timakola tiwiri toyandikana. Kumanzere ana onse anali gonegone, kumanja akulimbirana mawere ngati palibe chachitika. Mpweya umodzi, madzi amodzi, wotsuka ndine ndemwe. Anatifunsa ngati tikudziwa chifukwa chake. Ine ndinati mwayi. Anaseka n'kutitengera m'kachipinda kamene anaikamo makina oonera tinthu tating'ono. Anali atapala m'kati mwa matumbo a nkhumba ziwiri zophedwa, n'kusakaniza ndi tizilombo toyambitsa matendawo. Ndinaika diso. Pagalasi loyamba tizilombo tinali titaunjikana m'mphepete mwa katumboko. Pa lachiwiri tinkangoyandama, katumbo kali mbee.

Fabiyano anamvetsera nthawi yaitali, kenaka anakanda m'mutu n'kundiuza m'Chichewa chathu.

"Achimwene, mukuchidziwa chisoso? Mukadutsa m'munda mutavala buluku la thonje, chimakukakamirani mpaka m'mawondo. Mukadutsa mutavala majombo, chimangotsetsereka. Akuti tizilomboti tili ndi timinga ngati ta chisoso. Nkhumba zina zimabadwa ndi matumbo a thonje, zina matumbo a majombo. Si mankhwala, si chakudya, n'zakumtundu."

Anapitiriza kuti mwana amakhala ndi matumbo oterera pokhapokha akatengera mbali zonse ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi. Mbali imodzi ikangomupatsa thonje, basi, chisoso chimugwira.

Ndinauza Fabiyano kuti amufotokozere za Namakala ndi yamphongo ya a Gwaza, kuti yaswa kanayi ndipo mwana sanafepo n'mmodzi yemwe ndi matendawa, pamene a anzathu ankatha. Mayiyo anasiya kulemba. Anati sangalumbire pa nkhumba imene sanaione, komanso kutsegula m'mimba kuli mitundumitundu, koma ngati zili choncho, ziwirizo tisazilekanitse. Ndinafunsa kuti nanga itakweredwa ndi ina, yoyera, chingachitike n'chiyani.

Yankho lake Fabiyano analimasulira pang'onopang'ono, osandiyang'ana. Nkhumba ya matumbo a thonje, poti tizilomboto tinaigwirapo, thupi lake limatidziwa, ndipo mkaka wake umateteza ana masiku oyamba. Koma ya matumbo oterera sinalimbanepo nato, choncho mkaka wake ulibe chitetezo chokwanira. Ana ake akatengera thonje kwa bambo wawo, amabadwa chisoso chikuwagwira, mkaka osawathandiza. Pa maukwati onse a nkhumba, woopsa kwambiri ndi umenewo. Kakhola kakumanzere kaja, kamene ana onse anali gonegone, kanali kotero.

Tsiku limenelo sindinadye. Ndinalemba kalata yachiwiri nditakhala pa thumba la chakudya, yodzaza masamba atatu, chisoso ndi majombo zonse momwemo. Vuto linali woitenga. Munthu wopita kwathu panalibe mpaka kutha kwa mwezi. Positi inali m'tauni, kumene ine wopanda mapepala sindikanayerekeza kupondako. Fabiyano ndiye anakwera lole ya chakudya Loweruka n'kukandiponyera. Kalata za kwathu zinkafikira ku parishi, n'kumadikira Lamulungu kuti awerenge mayina Misa ikatha. Ndinkawerenga masiku pa zala: sabata m'njira, mwina awiri, mwina atatu, kenaka Lamulungu. Ndipo Namakala ndinkaidziwa, sinkachedwa kufuna yamphongo ana akasiya kuyamwa.

Ndinayamba kupemphera zinthu zochititsa manyazi. Ndinkapempha kuti munthu wa ku Bowe uja akhale wakuba, athawe ndi bulangeti ndi kalata yomwe. Ndinkapempha kuti Nambewe andinyoze, achite zake monga ankachitira pa nkhani zina. Koma ndinkamudziwa mkazi wanga. Pa zapakhomo ankalimbana nane, koma mawu olembedwa ankawalemekeza ngati a m'buku la mapemphero.

Yankho linabwera patatha mwezi ndi theka. Linali lalifupi. Bulangeti lafika, nsapato za mwana wathu Tereza zathina, makalata onse awiri afika, koma yachiwiri yapeza Namakala ili kale ndi bere la yoyera. Pansi anawonjezera kuti za chisosozo sanazimve bwino, ndipo akufunsa ngati ndikumwa mowa.

Bere la nkhumba ndi miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Sindinakhalepo ndi nthawi yaitali ngati imeneyo. Kamwana kalikonse kamene ndinkatola m'mawa ndinkakaona ngati kakuda. Ndinawonda mpaka lamba ndinamuboola kawiri. Fabiyano ankanditonthoza kuti mwina yoyerayo nayonso ndi ya majombo, poti pakati pa zoyera ziliponso zoterozo. Kenaka ankandiseka kuti amuna anzathu amawonda poganiza kuti mkazi watengedwa, ine ndikuwondera ukwati wa nkhumba. Ndinkangoseka nawo. Dokotala uja anandilembera zoti Nambewe achite: khola louma, udzu wofunda, madzi a mchere ndi shuga kwa kamwana kakayamba kutsegula. Ndinatumiza kalata yachitatu. Imeneyo sinayankhidwe.

Miyezi inapita. Ndalama ndinkatumizabe, koma mawu osabwera. Munthu wina wa ku Dzoole atafika pafamu yoyandikana nayo ndinayenda wapansi Lamulungu kukamufunsa. Anati za nkhumba sakudziwa, koma anamva kuti kumudzi kwa akazi anga kuli mlandu wa ufiti. Pobwerera miyendo inkangodziyendera yokha. Ndinauza Fabiyano kuti ndikupita. Anandikumbutsa kuti pachipata cha m'malire akaona chidindo chakufacho sadzandilolanso kulowa. Ndinati ndamva. Anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu, n'kundipatsa chipewa chake chaubweya, akuti ku Dowa nakonso kumazizira. Sindinamuonenso.

Ndinatsika basi masana, n'kukwera phiri lathu chikwama chili pamutu. Zambiri zinali zitasintha. Pamsika panadzaza mavenda, aliyense anali ndi chigafa cha fodya, Tereza anali atatalika kundifika paphewa ndipo anandipatsa moni ngati mlendo. Koma maso anga anathamangira kukhola. Chitseko chinali chogwa, m'kati mutamera bonongwe.

Nambewe anadikira kuti ndimwe madzi, anthu obwera kudzandilonjera abalalike, ndiye anandiuza. Namakala inaswa ana khumi ndi mmodzi, oyera ndi amawangamawanga, okongola moti anthu ankachokera midzi ina kudzaona. Tsiku lachitatu woyamba anatsegula. Iye anachita zonse za m'kalata, kuwamwetsa ndi sipuni, kuwafunditsa chitenje chake. Pofika Lamulungu anatsala awiri, Lachiwiri panalibe. Alongo ake a Nambewe, amene ndiwo eni mbumba, anati nkhumba imene sinatayepo mwana singataye onse popanda dzanja la munthu. Ndipo ndani anali ndi chifukwa? A Gwaza, amene tinawakaniza yamphongo yawo, amene ndinawanyoza pamowa. Anakawatchula mfiti pamsonkhano wa mphakati, pamaso pa akhristu onse. Kuyambira pamenepo a Gwaza sankabweranso kumapemphero, ndipo ana ankathawa akawaona pachitsime. Za Namakala, alongo akewo anati yalodzedwa mkaka, isasungidwe. Anaigula anyamata okazinga nyama pamsika.

Ndinafunsa chifukwa chake sanawawerengere kalata yanga ya chisoso. Anati anawawerengera, ndipo alongo ake anati ndi nzeru za munthu amene wakhalitsa ndi azungu.

"Nanga bwanji simunandiyankhe?"

"Ndikanalemba chiyani, bambo a Tereza? Chingwe ndinagwira ndine popita nayo kumsika. Inkanditsatira ngati tikupita kwa a Gwaza." Anayang'ana kukhola. "Ndinaigulitsa ndine, koma inaphedwa ndi bolopeni yanu."

Zinali zoona.

M'mawa mwake ndinagwira tambala n'kuwoloka dambo. Njira yonse ndinkakonza mawu, n'kumawaiwala. Ndinkaopa kuti andithamangitsa, ndinkaopanso kuti mwina nkhumba zawo anagulitsa zonse chifukwa chokhumudwa. Ndisanafike pabwalo ndinamva kulira kwake. Kuseri kwa nyumba kunali makola atatu. Yamphongo ya khutu long'ambika inali pomwepo, itakalamba koma ikadali yonyansa monga kale. M'makola enawo munali zazikazi zakuda zinayi, zamilomo yaitali. Ana aja amene a Gwaza ankasankha nthawi iliyonse Namakala ikaswa, amene ine ndinkadandaula nawo, sanagulitsepo n'mmodzi yemwe. Ziwiri zinali ndi tiana, tikuthamangathamanga m'matope.

A Gwaza anali pampando akusoka thumba. Ndinakhala pansi, ndinapereka moni, ndinapepesa za pamowa paja. Kenaka ndinafotokoza zonse, za dokotala, za galasi, za thonje ndi majombo, za kalata yanga. Anamvetsera osasiya kusoka.

"Ndiye munapita ku Joni kukaphunzira zimenezo, akamwini?"

"Eya, bambo."

"Ine sindinaone galasi. Ndinkangoona kuti ana a ziwirizi safa, ndiye ndinkasunga." Analuma ulusi. "Mwabwera kudzapempha kamwana."

Ndinavomera, mutu uli pansi.

"Tambalayo bwererani naye, sindinadwale njala. Mawu mwandiuza panowa ndi abwino, koma mwawanenera kuseri kwa nyumba, pali ine ndi nkhumba. Ufiti wanga anaunenera pamphakati. Mukawanene komweko."

Masiku anayi otsatirawo ndinavutika kuposa nthawi ya bere ija. Mkamwini kuimirira pagulu n'kutsutsa eni mbumba si chinthu chapafupi, ndipo akanatha kundilozera njira ya kwathu. Nambewe sanandilimbikitse ndipo sanandiletse. Lamulungu masana, titasonkhana pansi pa mtengo wa mango, atatha mapemphero, ndinapempha kuyankhula. Ndinatulutsa jombo langa la ku famu m'thumba, anthu n'kuyamba kuseka. Ndinali nditaiwala chisoso. Ndikuyang'anayang'ana mothedwa nzeru, Nambewe anadzuka pakati pa azimayi, anapita m'mphepete mwa munda, anathyola nthambi youma n'kudzandipatsa m'manja.

Ndinakwapula buluku langa, chisoso chinakakamira. Ndinakwapula jombo, chinagwa pansi. Ndinafotokoza mmene ndikanathera, ndipo pomaliza ndinati ngati pali mfiti imene inapha ana a Namakala, ndi ine, ndipo ndinawalodza ndi kalata. Ena anaseka, ena anang'ung'udza. Alamu anga anati za matumbozo sakuzikhulupirira, ndipo mpaka anamwalira sanazikhulupirire. Koma mtsogoleri wa mphakati anafunsa ngati alipo amene anaonapo mwana wa nkhumba za a Gwaza atafa ndi matenda aja, ndipo panalibe anayankha. Anatuma amuna awiri kuti akawatenge a Gwaza Lamulungu lotsatira.

A Gwaza sanadikire Lamulungu. Lolemba m'mawa tinawaona akuwoloka dambo, thumba lili paphewa likulira. Anakhutulira m'khola kamwana kakakazi kakuda bii, kamlomo wautali, n'kuuza Nambewe, osati ine, kuti kameneka ndi kamdzukulu ka nkhumba ya amayi ake, ndipo kakadzakula akudziwa njira ya kwa yamphongo ija. Madzi anakana, anabwerera.

Mvula inali itayamba, nyengo yeniyeni ya matenda aja, ndipo khola linali lomwe lija munafera khumi ndi mmodzi. Ndinalipala, ndinathira phulusa ndi udzu wouma, komabe mtima sunakhale pansi. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi chitseko kuyambira m'mawa, osapita kumunda, kudikira chinthu chimodzi. Anthu odutsa ankafunsa ngati ku Joni ndinaphunzira kulondera nkhumba. Dzuwa litapendeka kamwanako kanazungulira pakona, kanakhotetsa msana. Ndinalowa m'khola ndi buluku langa labwino lija, ndinagwada, ndinatola ndowe zake ndi zala. Zinali zouma, zolimba ngati za mbuzi.

Ndinaitana Nambewe. Anabwera akupukuta manja, anayang'ana m'dzanja langa nthawi yaitali, maso ake atadzaza misozi. Kenaka anapita m'nyumba, anabwera ndi sopo ndi bolopeni yanga ija. Sopo anandipatsa. Bolopeni anapatsa Tereza kuti azikalembera kusukulu.